Nthano yanga yamdima yangosanduka misozi yokhayokha, ndipitirize?

Funso lachokera kwa mphunzitsi wina wa ku Bangula: "Ndikulemba nthano yaitali ya mtundu wa gothic. Mpangankhani wamkulu ndi mtsikana wa zaka 19 amene anakwatiwa ndi bambo wa ng'ombe zambiri cha ku Ngabu, malowolo n'kuperekedwa onse. Mwamunayo wamwalira, mtsikana watsala pakhomo pa apongozi, ndipo mlamu wake akufuna kumulowa chokolo. Usiku amamva mkazi woyamba wa malemuyo, amene anafa mosadziwika bwino, akusinja kuseri kwa nyumba. Ndalemba mitu 9 koma ndaima. Mnzanga wina akuti mutu uliwonse ndi misozi yokhayokha, wina akuti ndikunyozetsa anthu akwathu. Sindikudziwa ngati mzukwawo ukhale weniweni, komanso mmene ndingalembere usiku umene mtsikanayo akugwiriridwa. Zina mwa izi zinachitikira m'bale wanga, ndipo ndikalemba sindigona. Ndipitirize?"

Achemwali, pitirizani. Kuima pa mutu wa 9 si imfa ya nkhani. Nthano zazitali zambiri zimatitimira pamenepa, chifukwa moto umene munayamba nawo watha koma mafupa a nkhani simunawayale. Zimenezi zimakonzeka. Ndipo zofunika zonse za mtundu umenewu muli nazo kale. Nthano za gothic zinayamba ku England m'zaka za m'ma 1760, ndipo kuyambira pamenepo zakhala zikuzungulira pa nyumba imene munthu sangathe kutulukamo, chinsinsi cha m'banja, zakale zimene zikukana kukwiririka, ndi mkazi amene akalankhula palibe womukhulupirira. Nyumba zamiyala ndi chipale cha kwawoko zisiyeni komweko. Khomo la ku Ngabu lokhala ndi khola, nkhokwe ndi chitseko chimodzi chimene sichitsekulidwa likukwanirani.

Mnzanu wa misozi uja akunena zoona, koma gwero la vutolo si kuchuluka kwa nkhanza. Vuto ndi loti mtsikana wanuyo akungochitiridwa zinthu, iye osachita kanthu. Tengani pepala, mutu uliwonse muulembere mizere itatu: akufuna chiyani m'mutu umenewu, wachitapo chiyani, ndipo pofika kumapeto wadziwa chiyani chimene samachidziwa. Mukapeza mitu itatu yotsatizana mzere wachiwiri uli mbee, matenda ali pamenepo. Mankhwala ake si kumusandutsa ngwazi yomenya amuna. Mupatseni zofuna zazing'ono zimene m'nyumba imeneyo ndi zoopsa: kubisa K2,000 pa mfundo ya chitenje, kupeza chifukwa chopitira kumsika yekha, kutchajitsa foni mlamu osadziwa, kufunsa mwana wa pakhomopo kumene kuli manda a mkazi woyamba. Wowerenga amagwira mtima pamene munthu akuyesa chinthu chimene chingalephereke. Akamangomuonera akulira, pofika mutu wachinayi maso amauma.

Funso limene wowerenga aliyense adzafunsa ndi lakuti, bwanji osangothawa? Liyankheni mutu wachitatu usanathe, ndipo yankho likhale la ng'ombe, osati la mizimu. Ng'ombe za malowolo bambo ake anazipereka kale kuti mchimwene wake akwatire, kapena anagulitsa chaka cha njala. Akabwerera kwawo, azibweza ndi chiyani? Ngati ali ndi mwana, mwanayo ndi wa kuchimuna, ndipo akachoka achoka yekha. Mayi ake omwe, amene amamukonda, adzamuuza kuti banja ndi kupirira, za m'nyumba saulula. Loko weniweni wa nyumba yanu ndi ameneyu. Mukaumanga bwino, chitseko chikhoza kukhala chotsekula usana wonse koma wowerenga n'kumamvabe kuti mtsikanayu ali m'ndende.

Apa samalani ndi chinthu chimene olemba ochokera kunja kwa chigwa cha Shire amasokoneza kawirikawiri, ndipo ngakhale eni dera amachilumpha. Asena amatsata kuchimuna ndipo amalowola. Amang'anja mwachikhalidwe amatsata kuchikazi, mwamuna ndiye amakakhala kwa mkazi pachikamwini, ndipo mphamvu pa ana imakhala kwa malume. Ulamuliro wa amuna ulipo mbali zonse ziwiri koma umayenda njira zosiyana. Sankhani, ndipo musunge chimene mwasankha mpaka kumapeto. Mwina chingakupindulitseni kwambiri n'chakuti mtsikanayo akhale Mmang'anja wokwatiwa pakhomo la Asena. Akatero ndi mlendo, malamulo a pakhomopo akuwaphunzira limodzi ndi wowerenga, ndipo simufunika kuimitsa nkhani kuti mufotokoze mwambo ngati muli m'kalasi.

Chinanso chochotsa misozi yobwerezabwereza ndi chifundo. M'nyumba imene aliyense ndi chilombo mulibe mantha, muli phokoso chabe. Apongozi aakazi amuphikire phala akadwala, amuthire madzi pamutu dzuwa likamukomola, ndipo akhale omwewo osunga kiyi. Iwonso anadutsa momwemo zaka 30 zapitazo, ndipo akavomereza kuti mpongozi wawo akulakwiridwa ndiye kuti avomerezanso za iwo eni. Mlamu uja asakhale chidakwa chokuwa. Akhale waulemu, wopereka moni ndi manja awiri, wolipirira fizi mlongo wake wa mtsikanayo, wonena kuti "mlamu, ife tikungofuna kukusamalani." Mawu ngati amenewo, akanenedwa pakhonde anthu onse akugwedeza mitu, amaopsa kuposa chikwanje.

Chinsinsi cha imfa ya mkazi woyamba chiduleni zidutswa zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, chilichonse chituluke pakamwa posiyana ndipo chitsutse pang'ono chimene chinabwera poyamba. Mwana akuti anagwidwa ndi ng'ona. Mayi wa pachitsime akuti tsiku limenelo kumtsinje sanapiteko. Buku la kuchipatala lopezeka pansi pa mphasa likusonyeza kuti anali woyembekezera. Ikani chidutswa chimodzi pakatha mitu inayi kapena isanu. Cholakwika chimene chimachitika kwambiri ndi kusunga zonse mpaka mutu womaliza, kenako gogo wina n'kukhala pansi kufotokoza masamba asanu ndi atatu. Pofika pampondachimera wowerenga akhale atadziwa kale pafupifupi zonse. Chimene akudikira ndi choti mtsikanayo achita nazo chiyani.

Za malo, muli ndi mwayi umene olemba a ku Zomba kapena Dedza alibe. Mantha a m'chigwa sadalira mdima kapena kuzizira. Mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, anthu amagona panja, ndiye namfedwa amene wauzidwa kuti azigona m'nyumba chitseko chotseka ali pachilango ngakhale palibe wamukhudza. Lembani zoopsa zina masana dzuwa lili paliwombo, mudzi uli zii, mbuzi zitabisala pansi pa ngolo. Gwiritsani ntchito zimene mphuno ndi khutu zimadziwa: fungo la makakana owamba, uchema wa migwalangwa m'kamwa mwa munthu, phulusa lakuda la nzimbe zootchedwa likugwa pa zovala cha ku Nchalo, kulira kwa mvuu usiku, udzudzu. Kalendala ya chigwa ikupatsaninso msana wa nkhani mwaulere. Maliro achitike nthawi yokolola thonje, pakhomo pali ndalama ndipo achibale akuwerengera chuma. Kupanikizika kukule ndi kutentha. Pampondachimera pafike ndi madzi osefukira a pakati pa Januwale ndi Malichi, pamene msewu waduka, bwato ndilo njira yokha, ndipo madzi akufukula zimene zinakwiriridwa. Amene anaona madzi a mu Januwale 2015 ku Makhanga, kapena namondwe Freddy mu Malichi 2023, sadzakufunsani ngati zimenezi n'zotheka.

Chaka chimene nkhani ikuchitika chisankheni mwadala, chifukwa malamulo anasintha. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja ndi la 2006. Lokhudza chuma chamasiye, limene limalanga olanda katundu wa namfedwa, ndi la 2011. Lamulo loti pasakhale kusiyana pakati pa amayi ndi abambo (Gender Equality Act) la 2013 linaletsa miyambo yovulaza, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anakonzedwa kuti ukwati uziyambira zaka 18. Nkhani ya mu 1995 ndi ya mu 2023 sizingafanane. Ine ndingasankhe ya posachedwa, chifukwa masiku ano kulowa kufa ndi chokolo chokakamiza zimachitika mobisa, ndipo pagulu aliyense amati "zimenezo zinatha kalekale." Chinthu chimene mudzi wonse ukulumbira kuti kulibe, koma chikubwera pakhomo pako usiku uno, ndiwo mtima wa nthano ya mtundu umenewu.

Tsopano mzukwa. Njira zilipo zitatu. Mukhoza kuupanga weniweni, wooneka ndi wolankhula. Mukhoza kuufotokoza pamapeto kuti anali munthu kapena mphepo. Kapena mukhoza kuusiya pakati, osatsimikiza. Yoyamba ili ndi msampha waukulu: mzukwa ukabwezera chilango, amoyo apulumuka mlandu, ndipo nkhani ya nkhanza za anthu yasanduka nkhani ya mizimu. Yachiwiri ili ndi msampha woipa kuposa pamenepo, makamaka mukamaliza ndi kunena kuti mtsikanayo mutu unangosokonekera, chifukwa mwaima mbali ya apongozi amene akhala akunena zomwezo. Yachitatu ndiyo ndikukulangizani, koma ili ndi malamulo. Mzukwa ukhale ndi chizindikiro chimodzi chokha, ndipo kusinja kuja n'kwabwino kwambiri, chifukwa ndi ntchito ya mkazi imene siitha ngakhale atafa. Uzimveka nthawi imodzimodzi, mwina atambala oyamba asanalire. Usapitirire kasanu ndi kawiri m'buku lonse, ndipo ulendo uliwonse pakhale chifukwa china chimene munthu wokayika angaloze, monga ng'ombe yogunda khola. Kenako, kamodzi kokha, wina aumve. Apongozi aakazi aime pakati pa chiganizo, atembenukire kuseri kwa nyumba, apitirize kulankhula ngati palibe chachitika. Ng'ona imaopsa ikadali pansi pa madzi. Ikatuluka pamchenga ana amaiponya miyala.

Zinthu ziwiri muzipewe pamenepa. Musamalize ndi kuloza gogo wina kuti ndiye mfiti imene imachititsa zonse. M'dziko muno okalamba amamenyedwa ndi kuphedwa chifukwa cha kulozedwa kotere, ndipo buku lolimbana ndi nkhanza lisathire mafuta pa nkhanza zina. Chachiwiri, kachisi wa Mbona ku Khulubvi ndi malo opatulika amene anthu akupembedzapo mpaka lero. Si chokometsera choti nkhani iopse. Ngati nkhani yanu ikufikadi kumeneko, kafunseni kwa osunga malowo ndipo mulembe zimene akulolani.

Usiku wa kugwiriridwa ndiwo umagwetsa olemba ambiri, ena chifukwa chofotokoza mopyola, ena chifukwa choulumpha ngati sunachitike. Mfundo yoyamba: diso la nkhani lisachoke mwa mtsikanayo. Mukangoyamba kufotokoza thupi lake mmene mwamunayo akulionera, mwamupatsa mwamunayo cholembera chanu. Yachiwiri: kulemera kwa nkhani kuikeni pa zisanachitike ndi zitachitika. Madzulo ake atenge masamba anayi, ndi tinthu tosonyeza kuti pakhomo onse akudziwa: ana atumizidwa kukagona kwa azakhali, apongozi amupatsa sopo watsopano, galu wamangidwa. Chochitikacho chisapitirire mawu 300 mpaka 400, ndipo ambiri mwa mawuwo akhale a zimene maganizo ake athawirako. Mwachitsanzo: "Denga linali ndi mitengo khumi ndi inayi. Ndinawerenga kuchokera kukhomo, ndinawerenganso kuchokera kuzenera. Wachisanu ndi chiwiri unali ndi chiswe." Wowerenga wamva zonse, ndipo simunamuonetse chilichonse.

Dziwaninso mmene thupi ndi maganizo zimachitira, kuti musalembe za m'mafilimu. Anthu ambiri ogwiriridwa sakuwa ndipo samenya. Thupi limangouma, mawu osatuluka, ndipo pambuyo pake amadziimba mlandu chifukwa cha kuuma komweko. Zokumbukira za tsikulo sizibwera mwadongosolo, zimabwera zidutswa: fungo, kulira kwa chitseko, mtundu wa malaya. Patapita milungu, fungo la uchema pamsika likhoza kumugwetsa mtima osadziwa chifukwa chake. Amadzidzimuka ndi phokoso laling'ono, amasamba kawirikawiri, amalambalala njira ina, amakalipira mwana wosalakwa, ndipo masiku ena samva kalikonse, amangosesa ndi kuphika ngati wina akumuyendetsa. Tsiku lina akhoza kuseka kwambiri pachitsime. Zimenezi muzimwaze m'mitu yonse yotsatira, chifukwa bala la mumtima limaoneka m'zochita za tsiku ndi tsiku, osati m'ndime imodzi yolira. Ngati mukumufikitsa kuchipatala, zikhale zolondola: mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP amayenera kuyambidwa maola 72 asanathe, ndipo mapiritsi oletsa mimba mwadzidzidzi amagwira ntchito mpaka masiku asanu, koma bwino kwambiri akamwedwa msanga. Wowerenga wina adzaphunzira zimenezi m'buku lanu. Ndipo ngati pali zimene zinamuchitikira ali mwana, zitchuleni chabe, musazionetse pa tsamba.

Mfotokozankhani akhale ndani? Mukalemba ndi "ine", wowerenga amayandikira kwambiri koma amadziwiratu kuti mtsikanayo anapulumuka, ndipo muyenera kudziwa kuti akuuza yani, ali kuti, patapita zaka zingati. Mukalemba ndi "iye" koma osachoka paphewa pake, mantha oti mwina safika kumapeto amakhalapo. Zonse zimagwira. Chosagwira ndi kudumphira m'mutu mwa mlamu kapena apongozi pakati pa nkhani, chifukwa wowerenga akadziwa zimene akuganiza, nyumba ija yasiya kuopsa. Chisena chiikeni m'zokambirana, pang'onopang'ono, pamalo pamene tanthauzo likuonekera lokha, ndipo munthu amene anayamwira chilankhulocho achiwerenge musanasindikize.

Za kunyozetsa anthu akwanu, yankho lake lili m'kalembedwe. Buku limanyoza mtundu pamene oipa onse ndi eni mudzi ndipo wopulumutsa akubwera pa galimoto ya bungwe kuchokera ku Blantyre. Otsutsa nkhanzazo achokere momwemo: azakhali amene anakana chokolo zaka zapitazo n'kusalidwa, nyakwawa amene akudziwa lamulo koma ali ndi ngongole kwa mwini ng'ombe, mnyamata wopalasa bwato amene safunsa mafunso. Muonetsenso zimene anthu amakondera kwawo, valimba paukwati, madimba obiriwira madzi akaphwa, nthabwala za amayi pokumba nyika m'dambo. Mukulemba za khomo limodzi, osati za Asena onse, ndipo wowerenga aone makomo ena oyandikana nawo kumene zinthu zikuyenda mosiyana. Ngakhale mutatero ena adzakwiyabe. Amenewo musawalembere buku.

Mathero asakhale ukwati ndi mwamuna wabwino, ndipo asakhale imfa ya mtsikanayo yongofuna kuliza anthu. Achoke kapena atsale, koma chisankhocho chikhale chake ndipo chimudyere kanthu kena kamene amakakonda.

Kukula kwa buku: mawu 45,000 mpaka 60,000 ndi okwanira, kutanthauza mitu 25 mpaka 30 ya mawu pafupifupi 2,000. Mukamalemba mawu 500 patsiku, masiku asanu pamlungu, pamwezi mukhala ndi mawu 10,000. Mitu 9 ija musaikonze tsopano, ingolembani pambali zoti mudzasinthe ndipo mupitirire kutsogolo. Mukamaliza, bukulo ligone milungu inayi kapena isanu ndi umodzi musanaliwerengenso, kenako mulipereke kwa anthu atatu: wodziwa mwambo wa Chisena, wokonda kuwerenga amene si mnzanu, ndi munthu wogwira ntchito ndi amayi ochitiridwa nkhanza. Mutu uliwonse muzidzitumizira pa imelo, chifukwa foni ndi makope sizilimba m'dera la madzi osefukira. Bungwe la Malawi Writers Union lingakulumikizeni ndi olemba anzanu ndi akonzi, ndipo za umwini wa ntchito yanu mukafunse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso, musanasaine pangano ndi wosindikiza aliyense.

Nkhani ya m'bale wanu ndiyo yofunika kuisamala kuposa zonsezi. Kusintha dzina lokha sikubisa munthu kudera kumene aliyense amadziwa khola la mnzake. Sinthani mudzi, chaka, ntchito ya mwamuna, chiwerengero cha ana, mtundu wa imfa, ndi ubale wa wochita nkhanzayo, mpaka mayi wa pamsika wa Bangula asathe kuloza. Kupanda kutero mukhoza kusumiridwa mlandu woipitsa mbiri, koma choopsa kwambiri n'chakuti m'bale wanuyo ndiye adzakumana ndi mkwiyo wa banjalo inu muli kusukulu. Ngati ali moyo, mufunseni, muli awiri, ndipo akakana zina muzichotse ngakhale zitakhala ndime zokoma kwambiri m'buku lonse.

Kusagona kwanu musakuone ngati mtengo umene wolemba aliyense amalipira. Ndime zolemera muzilemba m'mawa kapena masana, mphindi 30 mpaka 40, kenako mutseke kope mukachite ntchito ya manja kapena mukacheze ndi anthu. Usiku muzilemba mitu yopepuka kapena osalemba n'komwe. Pakhale munthu mmodzi wodalirika amene akudziwa zimene mukulemba. Ngati kusowa tulo, maloto oipa kapena kudzidzimuka zapitirira mwezi, kapena zayamba kusokoneza ntchito yanu m'kalasi, imitsani kaye bukulo mupite kuchipatala cha boma ku Nsanje kapena ku Chikwawa, mukapemphe kuonana ndi wachipatala woona za umoyo wa m'maganizo. Maganizo ofuna kudzivulaza akabwera, musadikire mwezi, pitani tsiku lomwelo ndipo muuze wina akuperekezeni. Nthawi zina kulemba za wina kumadzutsa zimene zinachitikira wolemba mwini, ndipo zikatero thandizo lake ndi lomwelo.

Ngati m'bale wanuyo akadali m'nyumba imeneyo, buku lidikire. Kupolisi kuli nthambi ya Victim Support Unit, kuboma kuli ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, ndipo pafoni pali nambala zaulere: 5600 ya nkhanza zochitira amayi ndi abambo, ndi 116 ngati pali mwana amene ali pachiopsezo. Khoti la majisitireti likhoza kupereka chiletso choti womuzunzayo asamuyandikire. Mumufotokozere njira zimenezi pamalo pamene a pakhomopo sakumva, musamusiyire uthenga pa foni imene ena amaigwira, ndipo tsiku limene wasankha kupita mumuperekeze.